Za Kukonzanso Dzina Loipitsidwa ndi Ngongole

Caka ciri conse, pofika miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene mitambo iyamba kusonkhana ndipo minda yatha kusosedwa, anthu ambiri a m'midzi mwathu anyamuka kukafuna mbeu ndi feteleza pa ngongole. Ena abwerako ndi matumba pa njinga, koma ena abwerako cimanja-manja, atauzidwa kuti dzina lao liri ndi mlandu. Munthu wotere sanabe kanthu, ndipo kapena sali waulesi konse. Anakongola kale, nalephera kubweza pa nthawi yace, ndipo tsopano ali yense amkaniza. M'phunziro lino tifuna kuona umo dzina la munthu liipira pa nkhani ya ngongole, ndi njira imene angatsate kuti alikonzenso. Njirayo iripo ndithu, koma njaitali, ndipo iyambira pa khomo la munthu amene anakukongoletsani.

1. MABUKU AWIRI

Mbiri ya munthu wokongola ilembedwa m'mabuku awiri. Buku loyamba ndi lakale-kale, ndipo liribe mapepala: ndilo mitima ya anthu a pa mudzi. Mwini sitolo akumbukira amene anatenga sopo ndi mcere osalipira. Mwini cigayo, msungi-cuma wa cilimba, ndi kapitao wa kampani ya thonje, onsewo akumbukira, ndipo auzana. Akuru akale anati, "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsogola." Ngongole iri cimodzi-modzi: mukaisiya ku Katete, mudzaipeza itakutsogolerani ku Petauke.

Buku laciwiri ndi la masiku ano, ndipo lisungidwa m'makina a kompyuta. M'dziko lathu muli ofesi yochedwa Credit Reference Bureau, imene iyendetsedwa ndi kampani ya TransUnion, ndi cilolezo ca banki yaikuru ya dziko, ndiyo Bank of Zambia. M'caka ca 2008 Bank of Zambia inalamula kuti mabanki ndi makampani okongoletsa ndalama amene iwayang'anira azitumiza ku ofesiyo mbiri ya anthu okongola, ndiponso azifunsa kumeneko asanakongoletse munthu. M'caka ca 2018 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la nchito imeneyi, lochedwa Credit Reporting Act. M'bukumo alemba dzina lanu, nambala ya citupa canu ca NRC, ndalama zimene munakongola, ndiponso ngati munabweza pa tsiku la pangano kapena munacedwa. Cifukwa cace kalaliki wa banki ku Chipata akhoza kuona ngongole imene munasiya ku Kitwe pamene munali kugwira nchito ku migodi. Ingakhale ngongole yaing'ono ya pa foni ikhoza kulowamo, ngati inacokera ku banki kapena ku kampani yoyang'aniridwa ndi Bank of Zambia.

Koma tisaiwale cinthu cimodzi cotonthoza mtima. Mabuku awiri onsewo salemba zoipa zokha iai. Alembanso mwezi uli wonse umene munthu analipira bwino. Pamenepo ndi pogona ciyembekezo ca munthu wa dzina loipa, pakuti buku limene linamtsutsa ndi lomwelo limene lidzamcitira umboni.

2. DZINA LIIPA BWANJI?

Si onse olephera kubweza amene ali onyenga. M'dzinja la 2023 mpaka 2024 mvula inakana m'madera ambiri, cimanga cinapserera m'minda, kotero kuti m'mwezi wa Febuluwale 2024 Boma linalengeza kuti dziko liri pa tsoka la cilala. Mlimi amene anakongola feteleza caka cimeneco sanakolole kanthu kobwezera. Ena agwetsedwa ndi matenda a nthawi yaitali, kapena maliro, kapena kutha kwa nchito.

Komanso ziripo njira zina zimene munthu aipitsa nazo dzina lace ndi manja ace. Wina akongola ndalama za munda, nazithera pa ukwati kapena pa moa. Wina abwereketsa citupa cace kapena foni yace kwa mphwace kuti akakongolere, osadziwa kuti ngongoleyo ilembedwa pa dzina la mwini citupa. Wina alandira mbeu ya thonje ndi mankhwala kwa kampani imodzi, koma pokolola agulitsa usiku kwa wogula wina, kuti kampani yoyambayo ingadule ngongole yace. Ndipo ambiri anyengedwa ndi ganizo lakuti ngongole ya Boma ndi mphatso.

Ganizo lotsirizali latisautsa kale m'dziko muno. Titangolandira ufulu, Boma linakhazika bungwe la Credit Organisation of Zambia m'caka ca 1966, kuti likongoletse alimi. Ndalama zambiri sizinabwerere, ndipo pofika 1970 bungwelo linatha. Pambuyo pace panabwera Lima Bank, imene inayamba m'caka ca 1987; iyonso inalemedwa ndi ngongole zosabwezedwa, nitsekedwa zisanathe zaka za m'ma 1990. Amene anabvutika pambuyo pace ndiwo alimi ang'ono onse, okhulupirika ndi osakhulupirika omwe, pakuti mabanki anacita mantha kukongoletsanso munthu wa khasu. Lero magulu a m'midzi alandira ngongole zocokera ku thumba la CDF. Tikumbukire kuti gawo limene lichedwa ngongole ndi ngongole ndithu, ndipo likapanda kubwerera, mudzi wotsatira udzasowa cokongola.

3. NJIRA ZITATU ZOSOKERETSA

Munthu wopanikizidwa ndi ngongole kawiri-kawiri ayesa njira zitatu, ndipo zonsezo zimfikitsa pa dzenje lakuya koposa.

Yoyamba ndiyo kuthawa. Ataya nambala ya foni nagula ina. Azungulira kuseri kwa sitolo popita ku msika. Mwina asamukira kwa malume ace ku Lundazi. Koma mlandu suola. Nambala ya foni ilembetsedwa ndi citupa, ndipo citupaco ndi cimodzi moyo wonse. Pamene iye abisala, ciongola-dzanja ciri kukula, ndipo wokongoletsayo, amene kapena akadamva cisoni, ayamba kumuyesa mbala.

Yaciwiri ndiyo kukwirira ngongole ndi kaloba. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti munthu atenga K1,000 kwa wa kaloba, napangana kuti mwezi uli wonse aonjezepo theka. Pakutha mwezi woyamba ngongole iri K1,500. Akalephera, mwezi waciwiri ifika K2,250, ndipo mwezi wacitatu K3,375. M'miyezi itatu yokha ngongole yakula koposa katatu, ndipo palibe munda wa cimanga kapena wa nshawa umene ubala msanga cotero. Ndiponso ena a kaloba alanda citupa ca munthu kapena khadi lace la ku banki, namsiya wopanda mphamvu pa ndalama zace zomwe. Lamulo lifuna kuti munthu wocita malonda okongoletsa ndalama akhale ndi laisensi. Koma ngakhale kwa wa laisensi, funsani poyamba kuti ndalama zonse zobweza zidzakhala zingati.

Yacitatu ndiyo kulipira anthu amene anena kuti ali ndi mnzao ku ofesi, amene adzafafaniza dzina lanu m'makina. Cenjerani nao. Colembedwa coona palibe angacicotse ndi ciphuphu, ndipo colembedwa colakwa mukhoza kucidandaula nokha, monga tidzaonera. Ndalama zimene mupatsa wonyenga wotere zikadacepetsa ngongole yanu.

4. MASITEPE ASANU NDI LIMODZI A KUKONZA DZINA

Coyamba, werengani ngongole zanu zonse. Tengani pepala, nimulembe dzina la ali yense amene muli naye ngongole, ndalama zace, ciongola-dzanja cace, ndi tsiku la pangano. Musasiye ingakhale imodzi cifukwa ca manyazi. Citani ici pamodzi ndi mkazi wanu kapena mwamuna wanu, pakuti ngongole yobisika m'nyumba idzaululika tsiku lobwera anthu kudzatenga ng'ombe, ndipo pamenepo bala lace likhala lalikuru. Ngati simudziwa kulemba, itanani mwana wa sukulu kapena mbale wokhulupirika.

Caciwiri, ngati munakongolapo ku banki, ku kampani yokongoletsa, kapena pa foni, funsani kuona mbiri yanu ya ku Credit Reference Bureau. Lamulo likupatsani ufulu wa kuona zimene zalembedwa za inu, ndi wa kudandaula ngati ziri zolakwa. A ku banki imene muli nayo pafupi akhoza kukuuzani mafunsidwe ace. Safunsa anadya phula. Nthawi zina munthu apezamo ngongole imene anabweza kale koma sinalembedwe kuti yatha, kapena ngongole imene wina anatenga ndi citupa cace. Mukapeza cotere, lembani dandaulo kwa wokongoletsayo ndi kwa a ofesiyo, nimusunge kope la kalata yanu. Akapanda kukuthandizani, nkhaniyo ikhoza kupita ku Bank of Zambia.

Cacitatu, pitani kwa wokongoletsa iye asanabwere kwa inu. Ici ndico cobvuta koposa zonse, pakuti miyendo ilemera pa ulendo umenewu. Komanso ndico cimene citembenuza nkhani. Mukapita, musapite ndi madandaulo okha. Nenani poyera cimene cinakugwetsani, ndipo chulani ndalama zimene mungathe kupereka, ndi masiku ace. Tiyerekeze kuti muli ndi ngongole ya K2,400, ndipo dimba lanu la tomato ndi repu likupatsani K200 yapadera mwezi uli wonse. Nenani cotero: "Bambo, zonse pamodzi sindingathe, koma K200 mwezi uli wonse ndidzapereka, kufikira miyezi 12 itakwana." Pemphaninso kuti aimike ciongola-dzanja kapena acepetseko. Kapena adzakana, koma okongoletsa ambiri adziwa kuti kulandira pang'ono-pang'ono kuposa kusalandira konse, ndi kuti milandu ya ku khoti idya nthawi ndi ndalama. Musalonjeze zoposa mphamvu yanu pofuna kumkondweretsa tsiku limenelo, pakuti pangano laciwiri likasweka, lacitatu silidzakhalapo. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ndipo nonse awiri musaine. Ngati ndi ngongole ya pa mudzi, pakhale mboni, monga nyakwawa kapena mkuru wina wodziwika.

Cacinai, dziwani yoyamba kulipira. Munthu wa ngongole zambiri asagawe ndalama zace mwa mantha, kupatsa amene akalipa koposa. Ayambe ndi ngongole imene ikula msanga, ndi imene anaikira cikole ca ng'ombe, ngolo kapena nyumba. Koma enawo asawasiye osamva kanthu, awapatse ngakhale kocepa, nawauze pamene nthawi yao idzafika. Ndipo mlimi alipire pa nthawi ya kugulitsa zokolola, ndalama zisanalowe m'nyumba, pakuti zikagona usiku umodzi zipeza nchito zina. Koma cakudya ca banja ca caka conse asagulitse. Cifukwa akatero adzakongolanso m'mwezi wa Januwale, nkhokwe itapsa.

Cacisanu, sungani malisiti. Ndalama iri yonse imene mupereka, landirani pepala lace, kapena sungani uthenga wa pa foni umene usonyeza kuti mwatumiza. Ikani zonse m'cikwama ca pulasitiki, kutali ndi ciswe ndi mvula. Mukatsiriza ngongole ya ku banki kapena ku kampani, pemphani kalata yonena kuti mwamaliza, nimuwapemphe kuti adziwitse a Credit Reference Bureau. Patapita nthawi funsaninso mbiri yanu, muone ngati zalembedwadi. Dziwani kuti kumaliza ngongole sikufafaniza pomwepo mbiri ya kucedwa kwanu. Koma mbiriyo tsopano isonyeza kuti munthuyu anagwa, nadzuka, nalipira, ndipo wokongoletsa wanzeru awerenga zimenezo.

Cacisanu ndi cimodzi, yambaninso ndi zazing'ono. Dzina labwino silibwerera cifukwa ca kuleka kukongola kokha, pakuti anthu afuna kuona umboni watsopano. Lowani gulu la cilimba kapena banki ya m'mudzi, nimusonkhe gawo lanu osaphonya. Pambuyo pace kongolani kandalama kocepa, ka nchito yobala phindu, monga mbeu ya dimba kapena anapiye, nimubweze tsiku lisanafike. Citani cotero kawiri, katatu, kanai. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Kuyambira caka ca 2016 liripo lamulo lochedwa Movable Property (Security Interest) Act, limene lilola kuti katundu wosunthika, monga ziweto, cigayo kapena zipangizo za ulimi, aikidwe cikole ndi kulembetsedwa ku ofesi ya PACRA. Ici cithandiza munthu wa ku mudzi amene alibe pepala la malo. Koma walira mvula walira matope: cikole cikhoza kulandidwa. Musaike ng'ombe zanu zolimira pa ngongole imene simunawerengere bwino mabwezedwe ace.

5. CITSANZO CA DZIKO LATHU

Kapena wina adzati, "Dzina langa laipa koposa, palibe adzandimveranso." Taonani zimene zinagwera dziko lathu lomwe. Maiko naonso akongola, ndipo naonso ali ndi mbiri yao kwa okongoletsa. M'mwezi wa Novembala 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, dziko la Zambia linalephera kulipira ciongola-dzanja ca madola a ku America 42.5 miliyoni pa ngongole zace za kunja. Mbiriyo inamveka pa dziko lonse lapansi, ndipo njira zokongolera zinatsekeka.

Dziko silingathe kusamuka kapena kusintha dzina. Cimene linacita ndi comwe cija tanena pamwambapa. Linawerenga ngongole zace ndi kuziika poyera, ndipo linapempha okongoletsa kuti akhale pansi akambirane. M'mwezi wa Ogasiti 2022 bungwe la IMF linabvomera kuthandiza ndi madola 1.3 biliyoni, dzikolo litalonjeza kusamala kagwiritsidwe ka cuma cace. M'mwezi wa Juni 2023, mu mzinda wa Paris, maiko okongoletsa, otsogozedwa ndi China ndi France, anabvomera kukonzanso ngongole ya madola 6.3 biliyoni, kucepetsa ciongola-dzanja ndi kutalikitsa zaka zobwezera. Ndipo m'mwezi wa Juni 2024 pangano linatheka ndi eni ngongole ina ya madola pafupi-fupi 3 biliyoni. Kucokera tsiku la kulephera kufikira pangano limeneli panapita zaka zitatu ndi theka, ndipo anthu wamba anamva kuwawa kwace m'mitengo ya zinthu.

Tiphunzirapo zinthu ziwiri. Ngongole sinatayidwe ngati madzi. Inakonzedwa kuti ikhale yotheka kusenza. Ndiponso nchitoyo inatenga zaka. Ngati dziko, lokhala ndi nduna ndi akatswiri a cuma, linadikira cotero, munthu wa pa mudzi asataye mtima poona kuti pakutha caka cimodzi banki ikali kumkayikira.

6. MAU KWA OKONGOLETSA NDI KWA ANANSI

Phunziro lino silinena kwa amangawa okha. M'midzi ndi m'mipingo mwathu muli magulu ambiri osunga ndi kukongoletsana ndalama, ndipo ambiri a ife tikhala mbali zonse ziwiri, lero okongola, mawa okongoletsa. Munthu akabwera yekha kudzabvomera ngongole yace, mlandireni mwaulemu, pakuti ulendo umenewo sanauyende mosabvuta. Musamcititse manyazi pa gulu, kapena kuchula dzina lace pa citsime. Siyanitsani pakati pa amene anagwetsedwa ndi cilala ndi amene anathawa dala. Lembani zonse m'buku la gulu, zimene wapereka ndi zimene zatsala, kuti pasakhale mkangano. Ndipo akatsiriza, nenani poyera kuti watsiriza, monga momwe munanenera poyera kuti walephera; nimumyese ndi kangongole kakang'ono. Mukamtsekera kunja masiku onse, mumpereka m'manja mwa a kaloba, ndipo ana ace ndiwo adzasiya sukulu.

Komanso kukoma mtima sikutanthauza kuleka kufunsa. Ndalama za gulu ndi thukuta la amasiye ndi okalamba amene anasonkha, ndipo msungi-cuma amene acita manyazi kukumbutsa mlamu wace aononga gulu lonse.

Tsono inu amene muli ndi ngongole yakale imene ikusowetsani tulo, musadikire caka ca mvula yabwino kuti muyambe. Kulemba ngongole zanu pa pepala sikufuna ndalama, ndipo kupita kukaonekera kwa wokongoletsa sikufuna ndalama. Citani ziwirizi mwezi uno.

MAFUNSO A KUKAMBIRANA

1. Kodi mabuku awiri olembamo mbiri ya wokongola ndi ati? Asiyana bwanji, ndipo afanana bwanji?

2. Munthu akabwereketsa citupa cace kwa mbale wace kuti akakongolere, mlandu ukhala wa yani? Mungamkanize bwanji mbaleyo popanda kudana naye?

3. Werengani: munthu atenga K600 ya kaloba yoonjeza theka mwezi uli wonse. Adzakhala ndi ngongole yanji pakutha miyezi iwiri?

4. Cifukwa ninji kuli koopsa kulonjeza zoposa mphamvu yanu pokonza pangano latsopano?

5. Kodi gulu lanu la cilimba kapena banki ya m'mudzi licita naye ciani munthu amene analephera, koma pambuyo pace nalipira zonse?